Chimanga cha Mbewu

Chaka chimene nkhondo inatseka msewu wa ku Tete, bere la amayi linali litaphulika kale bala. Namwino wa ku Fingoe anati ndi khansa, ndipo mankhwala analibe.

Njala itafika povuta, ndinawapeza akupachika chimanga cha mbewu kudenga kuti chizifukidwa ndi utsi. Ankamanga ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo linali litatupa.

Mtima unandiwawa, ndipo ndinawakalipira. "Amayi, tikugona ndi njala, ndipo inu simudzafika nthawi yokolola. Bwanji tingodya?"

"Chikudwala ndi bere langa, mwanawe," anandiyankha. "Munda sukudwala."

Mvula yoyamba itagwa tinadzala limodzi, iwo akukwawa m'mizere, pachifuwa atamanga nsalu ya kapulana. Chimangacho chinabereka bwino, koma ndinakolola ndekha.