Mpando wa Pawindo pa Siteji ya Kamwendo

Chaka chimene ntchito yanga ya ukalaliki inatha pa esiteti ya fodya ku Chiosya, sindinauze munthu. Ndinali pachikamwini, nyumba ya apongozi anga aakazi ili pafupi moti ndikatsokomola ankamva. Mkamwini wopanda ntchito pamudzi wa eni, ngakhale nkhuku zimamuyang'ana monyoza. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkavala jekete, n'kutsanzika mkazi wanga, ulendo wa pa Kamwendo.

Siteji ya pa Kamwendo ndi imene imadyetsa dera lonselo. Achiwaya, amayi a zitumbuwa, akabaza, wosoka nsapato pansi pa mtengo, onse maso amakhala pamsewu. Koma munthu wapaulendo salowa minibasi yopanda anthu, amadziwa kuti akhalamo mpaka dzuwa lifike pamutu. Choncho madalaivala ena amalemba anthu ongokhalamo, kuti galimoto ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza. Apaulendo enieni akamalowa, inu mumatsika mmodzimmodzi, kunamizira kukagula nthochi. Ine ntchitoyi ndinaipeza tsiku loyamba lomwelo. Dalaivala wina anangondiona n'kunena kuti ndikuoneka ngati munthu amene ali ndi kopita.

Ndisaname, ndinali katswiri. Ndinkayang'ana wotchi, kupukusa mutu, kukalipira kondakitala kuti akutichedwetsa. Pa miyezi iwiri ndinakwera minibasi zosawerengeka, koma sindinafike ngakhale pa chigayo chapafupi ndi sitejiyo.

Lachisanu lina ndinakhala pawindo, mpando wakumbuyo, m'minibasi yopita ku boda. Ndinangoona matumba a mtedza akulowetsedwa, kenako chitenje chimene ndinkachidziwa bwino chifukwa ndinagula ndine. Apongozi. Iwo geni yawo ndi ya mtedza, amakagulitsa ku Mwami, tsidya la Zambia. Mipando yopanda anthu inalipo yambiri, koma anaipitirira yonse n'kudzakhala pambali panga penipeni.

Kwathu kuno mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatukira kutchire. Ine kumanja kwanga kunali galasi basi. Ndinapereka moni ndikuyang'ana nsapato zanga, iwo anayankha akuyang'ana kudenga.

Minibasi inayamba kudzaza, anzanga aja n'kumatsika mmodzimmodzi. Kondakitala ananditsinzinira diso kawiri, kenako anazungulira panja n'kugogoda galasi.

"Abwana, nthochi zija simukagula?"

Kuti nditsike ndinayenera kudumpha miyendo ya apongozi, zimene ngakhale woledzera sangachite. Nanga nditatsika ndikanafotokoza kuti chiyani? Ndinayankha kuti nthochi ndakhuta, ndipo akuntchito andituma ku boda. Kondakitala anaseka mpaka kugwira chitseko. Galimoto inalira, n'kunyamuka ine ndili momwemo. Achiwaya ndi akabaza, amene onse ankandidziwa, anaimirira n'kumandibayibitsa ngati ndikupita ku Joni.

Njira yonse thukuta linali kamukamu. Mumtima ndinkakonza bodza, likagwa n'kukonza lina. Mpaka tinadutsa pa boma. Kondakitala atatambasula dzanja kumbuyo kumene tinakhala, m'thumba mwanga munali mpango wokha. Apongozi anamasula mfundo ya pachitenje, n'kungoti, "Awiri." Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire.

Tinatsika pa boda, pakati pa malole ataliatali ndi osintha ndalama amene ankatikuwira mbali zonse. Matumba atatsitsidwa, apongozi anaima pambali n'kuyamba kulankhula, maso ali pa mtedza wawo.

"Bambo, minibasi imene mwakhalamo inu ndimaidutsa, chifukwa ndimadziwa kuti sinyamuka msanga. Ndakhala ndikukuonani pawindo kuyambira mwezi watha."

Anapitiriza, maso akadali pa mtedza.

"Mwana wanga akudziwanso. Anandiletsa kukufunsani, akuti mudzanena nokha mtima ukakhala pansi. Ine kudikira kwanditopetsa, msananso ukundivuta. Mapepala a pa boda pano amandizunguza mutu, inu kulemba mumadziwa. Kaya mungandithandize, bambo?"

Chimene chinandipweteka sichinali kugwidwa bodza ayi. Chinali kuganiza kuti mkazi wanga ankandiperekeza pakhomo m'mawa uliwonse, n'kumandiuza kuti ndikagwire bwino ntchito, akudziwa kuti ndikukakhala m'galimoto yoima. Sindinadziwe kuti munthu angakusungire ulemu chonchi iwe osaona.

"Ndamva, amayi," ndinatero.

Ndinawerama msanga n'kusenza thumba loyamba, kuti asaone nkhope yanga.