Khungu Lobwereka kwa Fodya

Chaka chimene ndinkafunsira mayi a kunyumba kwangawa ndi chomwe ndinagwidwa matenda ojambula zithunzi za timabokosi pafoni, zija zooneka ngati magemu akale. Ndinali ndisanadziwe kanthu, koma matama anali a katswiri. Mavidiyo amene ndinkaonera ankati woyamba kumene asachulutse mitundu, angotenga kagulu kosankhidwa kale. Ine ndinangotola, osafunsa kuti anasankhira khungu la ndani.

Ndiye ndinati ndimujambule mtsikanayo, ikhale mphatso amalume asanakaonekere kwawo kwa Mavwere. Ya khungu inalipo mitundu iwiri yokha, yonse yotuwa ngati mkati mwa mbatata. Ndinapaka yomweyo, n'kudziyamikira ndekha.

Ndinamupeza akuswa mtedza pakhonde. Anayang'ana foniyo n'kufunsa, "Ameneyu ndani?"

"Ndiwe."

"Ine? Kani mukufuna ndiyambe kudzola? Mafuta oyeretsa ali mbwee paboda, mukagule mudzoze amene mukumufunayo. Amalume anu asavutike n'kupalasa njinga."

Sanaseke. Apo ndinachita mantha enieni, ukwati kuthera pa timabokosi usanayambe n'komwe.

Kufika kunyumba ndinafufuta kutuwa kuja n'kupaka wakuda bii. Nkhope yonse inasowa, kunatsala maso awiri ngati mphaka m'nkhokwe. Nditamutumizira anayankha mwachidule: "Tsopano ndapserera."

Patapita masiku ndinapitanso, ndinamupeza m'chigafa akusankha fodya. Ndinakhala pachitsa ngati wodzathandiza, chonsecho ndikungomuyang'ana. Dzuwa linkalowera mbali imodzi, ndipo mpamene ndinaona kuti nkhope ija si ya mtundu umodzi. Pachipumi pankawala, patsaya panali pofiirira ngati tsamba limene anali nalo m'manja, kunsi kwa chibwano n'kumene kunali kwakuda. Miyezi yonse ija ndinkati ndimamudziwa.

"Mwabwera kudzagwira ntchito kapena kudzandiwerenga?" anatero osatukula mutu.

Ndinajambula tsamba la fodyalo pafoni, khungu la mtedza wa chalimbana ndi katondo wa pakhoma, n'kutapa mitundu yanga mmenemo. Kuwala ndinakuika mbali imodzi, kumene dzuwa linkachokera m'chigafa muja. Timabokosi towala ndinaika tochepa chabe, pachipumi ndi pamphuno, koma n'timene tinadzutsa nkhope yonse.

Ulendo wachitatu ndinamupatsanso foni. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akuisendeza pafupi, akuitalikitsa.

"Chipumi mwachiwalitsa ngati poto wokwecha," anatero. "Ndipo mphuno yanga si ya makona."

Ndinati basi, zanga zada. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge foni, koma iye anaikanirira.

"Dikirani kaye, ndikawaonetse amayi. Ameneyu ndine. Amalume aja muwauze apope njinga."