Batani la Khanda

A Telala a pakhonde la golosale anali ndi mwana mmodzi wotsala pakhomo, ndipo msewu wonse unkamutchula kuti Khanda. Khandalo linali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndevu zomwe, komanso ntchito yabwino ya ukalaliki ku kampani ya mabasi. Azikulu ake atatu anakwatira kalekale n'kukamanga kwawo. Iye ankagonabe m'chipinda chomwe anaphunziriramo kukwawa.

Mukawafunsa a Telala kuti anamuwononga mwanayu ndani, sankachedwa kuyankha: mayi ake. Umboni unaliponso. Mayiwo ankamutenthetsera madzi osamba, kumupakira majarini pabuledi mpaka m'makona, tiyi n'kumamuthira uku ndi uku m'makapu awiri kuti mwana asapse lilime. "Mukumusasatitsa mwanayu," ankatero a Telala m'mawa uliwonse, atakhala pakhomo, nsapato ya Khanda ili pabondo, akuipaka polishi. Zopolishazo sankaziwerengera. Ankati iwo akungosamala chikopa kuti chisang'aluke.

Za zovala ndiye musachite kufunsa. Zaka makumi anayi ali pamakina, a Telala anali ndi lamulo limodzi: chovala chokhota sichichoka m'manja mwawo. Kasitomala adikire mpaka basi imusiye, bola mpendero uwongoke. Choncho malaya aliwonse a Khanda ankayamba adutsa kwa bambo ake. Ankagwedeza batani lililonse ndi chala, lomwe layamba kulendewera n'kulilimbitsa pomwepo. Mwanayo anakula akuyesa kuti mabatani sathothoka.

Kenako kunabwera namwino, chibwenzi cha Khanda. Anali mtsikana wamfupi, woyenda mwachangu, wosazungulira polankhula. A Telala anamukonda tsiku loyamba lomwe, atangoona mmene anasitira kolala ya yunifolomu yake. Ankamufuna mpongozi ameneyu ndi mtima wonse, ndipo anali atayamba kale kumuyeza ndi maso kuti diresi laukwati lidzadya mamita angati.

Loweruka lina masana namwinoyo anabwera kudzacheza. Khanda anaseka kwambiri nthabwala ina, batani la pamimba n'kudumpha, kugubudukira pansi pa tebulo. Ngakhale telala waluso sangalimbane ndi mimba yoleredwa bwino. Khanda sanawerame n'komwe. Anavula malaya n'kuwapatsa bambo ake, uku nkhani ikupitirira. Mayi ake anagwada, ndi mawondo awo ovuta, kusakasaka batani. Namwino anayang'ana onse atatu, n'kuika kapu yake pansi mwakachetechete.

Anadikira kuti achoke pamaso pa akuluakulu. Anakalankhula Khanda akumuperekeza, ndipo Khandayo anabwerako nkhope itagwa. Mtsikanayo akuti tsiku lonse kuchipatala amasamala anthu osatha kudzithandiza, ndiye kunyumba sakufunanso wodwala wina. Loweruka likubwerali adzafikanso. Akadzapeza batani lija lasokedwa ndi mwini malaya, adzakambirana za ukwati. Apo ayi, Khanda akhale ndi omwe anamubala.

Mayi anapsa mtima. Anafunsa ngati kuchipatalako amaphunzitsanso kulera ana a eni. Koma atazizira anabwera ndi nzeru: bambo asoke okha, kungoti asoke moipa pang'ono, mtsikanayo sadziwa. A Telala anavomera, pakuti mantha otaya mpongozi anali atawagwira. Anatenga kachigamba kuti ayeserere. Anasoka koyamba, batani linakhala bwinobwino. Anatsinzina diso limodzi, linakhalabe bwino. Anayesa ndi dzanja lamanzere, koma manja a zaka makumi anayi anakana kunama. Anakhala akuyang'ana kachigambako, manyazi n'kuwagwira. Mwana wa telala osadziwa kulowetsa ulusi pasingano! Apa panalibe ponamizira mayi.

"Iwe, bwera kuno. Khala apa," anatero a Telala Lolemba, Khanda ataweruka.

"Ababa, inu si mphindi ziwiri zokha?"

"Mphindi ziwiri zimenezo ndi zomwe zatifikitsa pano. Gwira singano."

Kulowetsa ulusi kokha kunatha tsiku limenelo. Khanda ankanyambita ulusi mpaka kunyowa ngati chingwe cha pachitsime, bowo la singano osalipeza. Lachiwiri anadzibaya chala, mayi ake n'kuthamanga ndi bandeji yokwana kumanga mwendo. A Telala anawabweza pakhomo. Iwo eni anachita kukhalira manja awo pampando, chifukwa ankangofuna kulanda. Lachinayi Khanda anasankha ulusi wofiira pamalaya oyera, ati woyerawo sakuuona bwino. Bambo ake anamuleka asoke.

Lachisanu batani linakhala. Linapendekeka, linatsika pang'ono kusiyana ndi bowo lake, ndipo kumbuyo kwake kunali mfundo yaikulu ngati nkhupakupa yokhuta. Khanda anayenda nalo nyumba yonse kuonetsa, akumwetulira mpaka m'makutu.

Loweruka m'mawa, Khanda ali kubafa, malaya aja anali pampando. A Telala anapezeka ataima pomwepo, sizasi ili m'manja, singano ya ulusi woyera itabayidwa kale pakolala yawo. Mumsewu umenewu aliyense ankadziwa kuti zovala za Khanda zimadutsa kwa iwo. Anthu adzati mkulu uja watha. Anaika nsonga ya sizasi pansi pa mfundo ija. Anaima choncho mpaka madzi anasiya kumveka kubafa, kenako anabweza sizasi m'thumba, ulusi wofiira uli chikhalire.

Namwino atafika anapereka moni mwaulemu, n'kupita molunjika pamimba pa Khanda. Analikoka batani, silinachoke. Anatembenuza nsalu, ataona mfundo ija anaseka mpaka misozi.

"Ili ndiye wasokadi wekha," anatero. "Palibe telala angalole zoterezi."

Anamugwira dzanja, nati akayende, akaone nyumba ya zipinda ziwiri yomwe mnzake wa kuntchito akusamukamo. Mayi anayamba kunena kuti mwana sanamalize tiyi, koma a Telala anawagwira paphewa.

Njira yake inkadutsa pagolosale. A Telala anawatsatira chapatali, ati akukatsegula makina. Mwini golosale, yemwe diso lake silinkaphonya kanthu, analiona batani lija likudutsa, ulusi wofiira pamalaya oyera.

"A Telala, kodi maso ayamba kuvuta?" anafunsa.

A Telala anayang'ana awiriwo akukhota pakona. Anali okondwa, koma mtima unkawawa ndithu, chifukwa anadziwa kuti malaya amenewo sadzabweranso pamakina awo.

"Maso ali bwinobwino," anayankha. "Wasoka yekha mwana wanga."