Singo Kapena Thirikota

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anga, a Jafali, anabwera kudzanditenga kumsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Chiponde. Kumeneko tinkakhala awiri, ine ndi amayi. Bambo anatsalira ku Mozambiki ndipo sitinamvenso za iwo. Amalumewo anawoloka kalekale nkhondo isanayambe, nakwatira ku Mangochi, ndipo ankaphika pa hotela ina ku Nkopola. Anati akandilembetsa sukulu pa boma, ndizikakhala ndi mwana wawo Patuma, yemwe tinali msinkhu umodzi. Kumsasa kunalibe mtsikana amene sanandichitire nsanje.

Amayi anandilangiza uku akundimangira zovala m'kachitenje. "Kwa eni kulibe mkuwe, Mariyamu. Akakuikira zinthu ziwiri, iwe tenga chaching'onocho. Akakufunsa ngati wakhuta, vomera." Mawu amenewo ndinawasunga kuposa zonse zimene tinkaloweza kumadrasa.

Ndipo ankaoneka kuti akugwira ntchito. Pa ndiwo ndinkatola kumchira kwa nsomba, pa sopo ndinkatenga kachidutswa kotsala. Akazi a amalume, Abiti Saidi, ankandiyamikira pamaso pa alendo kuti kamrefuji kawo nkaulemu, sikali ngati ana a masiku ano. Ine kupusa kwanga ndinkamwetulira, nkumaona ngati ndakhazikika.

Ine ndi Patuma tinkagona pamkeka umodzi m'kachipinda kakuseri. Patatha miyezi itatu amalume anauza kalipentala kuti atikhomere bedi, ndipo Loweruka lina tonse anayi tinapita kusitolo kukagula matiresi. Fungo la siponji yatsopano ndi pulasitiki ndimalimvabe mpaka lero. Wogulitsa anatsitsa awiri nkuwagoneka pansi. Awa ndi singo, anatero, awa ndi thirikota. Mawu onsewo anali achilendo kwa ine. Anawasanjikiza kuti tione kusiyana kwake, ndipo aakuluwo ankangoposa ndi chikhatho chimodzi chotambasula. Amalume anali atagwira kale ngodya ya aakuluwo, amene nsalu yake inali ya maluwa obiriwira.

"Taimani kaye, bambo a Patuma," anatero Abiti Saidi. "Mlendo ali pompano, tisamusankhire ngati alibe pakamwa. Mariyamu mwanangu, tigule ati?"

Anali asananditchulepo mwanangu chibwerereni. Ndinayang'ana amalume, iwo ankayang'ana nsapato zawo. Mtima wanga wonse unali pa maluwa obiriwirawo, koma ndinaganiza kuti awa ndiwo mayeso amene amayi ankanena, ndipo sindinafune kuwachititsa manyazi. Ndinaloza aang'onowo.

"Mwamva nokha," anatero Abiti Saidi. "Mwana wasankha yekha."

Wogulitsa anafunsa ngati ana awiri akwanadi pa singo. Amalume anatsokomola pang'ono, nasiya ngodya ija. Matiresiwo tinasenza ine ndi Patuma, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo ndinayenda msewu wonse monyadira ngati ndakhoza mayeso.

Bedi linabwera Lolemba pangolo. Linali la thirikota. Muyeso wake anapereka ndi amalume omwe. Litalowa m'kachipinda kaja linadya malo onse, moti chitseko chinkangotseguka theka, ndipo poyala mkeka panalibenso. Titaika matiresi, m'mbali munatsala matabwa oonekera, kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, chikhatho chimodzi chomwe chija. Ndinawayang'ana matabwawo nthawi yaitali.

Tinayesa masiku atatu. Patuma ankagona ngati akupalasa njinga, ndipo ine ndinkadzuka theka la thupi lili pamatabwa, nthiti zitadindika mizere. Sindinadandaule. Amene anadandaula anali Patuma, kuti khosi likumuwawa chifukwa chopanikizika. Abiti Saidi sanakalipe, sanali munthu wokalipa. Anangofotokozera amuna awo mofatsa kuti singo ndi ya munthu mmodzi, dzina lake lomwe likunena, kuti pansi malo palibe, komanso kuti pabalaza mtsikana woti wayamba kusinkhuka sangagone poti pamafikira alendo aamuna. Bwanji ayambe wapita kwa mayi ake mpaka malo apezeke? Pajatu mlendo ndi mame. Zonsezi ankanena ine ndili pomwepo ndikutsuka mbale.

Amalume anandiperekeza okha. Galimoto ikukwera mapiri kulowera ku Chiponde anandigulira mandasi awiri, ndipo ulendo wonse anakamba za kuipa kwa msewu basi.

Amayi tinawapeza akupeta nandolo wa chithandizo. Atamva kuti ndabwerera, anadikira kuti achimwene awo atembenuke, kenako anandigwira khutu nkufunsa chimene ndinaba. Ndinati sindinabe kanthu, ndipo ndinawafotokozera za kusitolo.

"Ndiye iwe unaloza ati?"

"Aang'onowo, amayi. Monga munanenera."

Anasiya khutu langa. Anatola lichero nkupitiriza kupeta nandolo yemwe anali atayera kale. Nkhani imeneyi sanaitchulenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Malo aja sanapezeke. Sukulu yanga inathera sitandade 3, ndipo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndinakwatiwa ndi bambo wina wonyamula katundu panjinga pamalire. Kulemba kumene mukuwerengaku ndinakaphunzira kusukulu ya kwacha ndili kale ndi ana anayi. Patuma ndi namwino. Alibe mlandu, anali mwana ngati ine, koma sindingakunamizeni kuti ndikamuona m'yunifolomu yoyera mtima wanga umakhala m'malo.

Zaka zambiri ndinadana ndi Abiti Saidi. Anandiwerenga miyezi itatu monga umachitira ndi nkhuku pofuna kudziwa kumene ikuikira, ndipo anafunsa funso limene yankho lake ankalidziwa kale. Panali nthawi imene ndinakwiyiranso amayi, koma iwo anandipatsa chida chokhacho chimene munthu wothawa kwawo amakhala nacho. Lero ndikudziwa kuti ulemu wa munthu wopanda pogwira umafuna wina woima pambali pake, woti anene zimene iye sangathe kunena. Popanda ameneyo, ulemu womwewo ndi umene amakutulutsira nawo pakhomo, nkumati wafuna wekha.

Woima pambali panga anali amalume. Bedi anayeza okha, ngodya ya matiresi oyenera inali m'manja mwawo, ndipo chimene chinkafunika chinali kungonena kuti ayi, tigula awa. Anamwalira chaka chatha. Pamaliro anthu ankawatama kuti a Jafali anali munthu wosakonda mikangano, moyo wawo wonse sanatsutsanepo ndi wina aliyense. Ine ndinavomereza nawo, poti zinali zoona.