Chipumi Chotentha pa Geti ya ku Al Sadd

M'nthawi ya Covid ndinali mlonda pa geti ya maofesi ena ku Al Sadd, dera la mzinda wina wa kunja, m'dziko lotentha la m'chipululu. Anandipatsa kamakina koyezera kutentha kwa thupi, kamene alondafe tinkakatcha kamfuti. Lamulo linali limodzi: kakawala mofiira, munthuyo asalowe, kaya ndi bwana kaya ndi wokolopa.

Posakhalitsa ndinazindikira kuti kamfutika kankayeza kayendedwe ka munthu kuposa matenda. Panali bambo ena a ku America, ansangala, amawu aakulu. Nyumba yawo inkaoneka ndithu ndikaima pagetipo, koma ankabwera pa galimoto. Ngakhale khofi wa patsidya pa msewu ankakagula pa galimoto. Akatsitsa galasi, chipumi chili zii ngati botolo la m'firiji. Tsiku lina ndinawafunsa ngati miyendo imawavuta. Anaseka chikhakhali, nati kwawo ukamayenda pansi m'mbali mwa msewu anthu amaima n'kukufunsa ngati galimoto yakufera.

Ndiye panali mayi ena a ku Denmark, injiniya, imvi zili mbuu, amene ankabwera akupalasa njinga dzuwa likuswa mtengo. Tsiku ndi tsiku kamfuti kankawakana, koma sankanyinyirika. Ankangokhala pa mpando wanga pamthunzi mpaka chipumi chizizire. Ine zinkandizunguza mutu. Kwathu ku Balaka njinga timapalasa chifukwa galimoto tilibe, tsono apa munthu wamalipiro ake akusiya galimoto ya kampani n'kumakha thukuta mwadala! Ndinawafunsa ngati n'zolimbitsa thupi. "Ayi, ndikubwera kuntchito basi," anatero, akudabwa kuti ine ndikudabwa chiyani. Anati kwawo ngakhale akuluakulu a boma amapalasa, kaya kugwe mvula kaya chisanu, ena ana awiri ali m'kabokosi kutsogolo. Mpaka lero sindidziwa ngati ankangondiseleula.

Masiku amenewo lamulo la ntchito m'dzikomo linali litangosintha, wantchito akutha kuchoka pa kampani popanda kalata yachilolezo ya bwana. Ndinali nditapeza malo pa hotela ina, kutatsala masiku anayi kuti ndikayambe. Ndinkadziwa kuti akangonditsekera kwandekha masabata awiri, malowo apita kwa wina. Zaka zitatu ndikuima padzuwa zinali zitandikwana, mtima wonse unali kuhotelako.

M'mawa wina basi ya kampani inandisiya. Ndinakwera ina, n'kutsiriza ulendowo wapansi, chothamanga, yunifolomu yakuda ili m'thupi. Supavaiza ankatiyeza tonse tisanayambe ntchito, choncho nditangofika ndinadziloza ndekha kamfuti. Kanawala mofiira. Ndinabwerezanso, chimodzimodzi. Supavaiza anali pa geti ina, akubwera kwanga, ndipo nthawi yokhala pamthunzi ngati mayi aja panalibe. Ndinachita mantha.

Pomwepo inatulukira galimoto ya bambo a ku America aja. Anayang'ana kamfuti, nayang'ana nkhope yanga. "Lowa msanga," anatero, akutsegula chitseko. Anakweza mphepo yozizira mpaka pamapeto, ine n'kuweramira pa kabowo kake ngati munthu amene akuswali. "Waona ubwino wa galimoto?" anandifunsa, akusekera mu masiki. Patapita mphindi zochepa ndinatsika. Supavaiza anandiloza chipumi, kamfuti kanawala mobiriwira. "Yalla, fulumira, pa ntchito," anatero, n'kudutsa.

Ndinasangalala, ndisaname. Koma chimwemwecho sichinafike masana. Ndinali nditaona ndi maso anga kuti chipumi chimanama uku ndi uku, nanga ndikanadziwa bwanji kuti changa chinatentha ndi dzuwa lokha? Pakhosi panayamba kundikereketa, kaya linali fumbi kaya maganizo chabe.

Titaweruka ndinabwerera ku chipinda chathu, mmene tinkagona amuna asanu ndi mmodzi. Mmodzi anali mkulu wina wakwathu, dalaivala, wodwala shuga. Atandiona anasendera pa bedi pawo kuti ndikhale pafupi, nandipatsira tiyi m'kapu yawo yomwe.

"Bwanji mphwanga, shifiti yayenda bwino?"

Ndinayankha kuti yayenda bwino, ndipo ndinakhala pansi.