Odi Pakhomo pa Madalitso

Ndinanyamuka ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester, Lachiwiri m'mawa, kukuwaza kamvula ka kuno kaja kosanyowetsa koma kokwiyitsa. M'chikwama ndinalongedza thobwa la m'botolo, nthochi ndi juzi yanga imene Madalitso ankakonda kundibera. Madalitso ndi mwamuna ngati ine, ndipo ndi amene ndimamukonda. Amasamalira ng'ombe pa famu ina kupitirira Melton Mowbray. Madokotala atamupeza ndi khansa ya m'matumbo, anandiuza pa foni kuti ndisadzapondenso kumeneko, sakufuna ndimuone akutha. Miyendo inamvera, mtima unakana. Ndiye Lolemba mwini famuyo, mayi wachizungu, anandiimbira. "Sakudya. Sanandiuze kuti ndikuitane, koma bwera."

M'tauni ndinasinthira basi ya ku Melton, mapaundi atatu. Ndinakhala moyandikana ndi amayi ena a ku Zambia, atavala yunifolomu ya osamalira okalamba. Anangoona thobwa lija n'kuzindikira kuti ndine wa dziko loyandikana ndi lawo.

"Mupita kuti aneba, na vikatundu vonse ivi?"

"Kukazonda wodwala, amayi."

"Ni m'bale wanu?"

"Ndi mnzanga."

"Ali na mwayi mnzanuyo. Kuno munthu ukadwala amangokutumizira kameseji, ati ali pa shifiti."

Anatsikira pa Syston, atandisiyira lalanje loti ndikamupatse. Mawu akuti mnzanga aja anandiwawa njira yonse. Ndinkaona minda ndi nkhosa pawindo, koma maganizo anali pa manja a Madalitso, okhakhala ngati chiguduli, onunkhira udzu wouma. Ndinali nditamusowa kwambiri.

Ku Melton ndinafika cha kumasana, tsiku la msika wa ng'ombe. Njala itandipeza ndinagula chitumbuwa chawo chotchuka cha nyama ya nkhumba, n'kupeza n'chozizira. Nditapempha kuti anditenthetsere, wogulitsayo anandiyang'ana ngati ndatukwana agogo ake. Ndinadya chomwecho, kwa eni kulibe mkuwe.

Basi yopita kumudzi wa kufupi ndi famuyo inali ya madzulo. Mwamwayi mlimi wina wachikulire, amene anali atagulitsa ng'ombe zake, anandimva ndikufunsa njira ndipo anati ndikwere galimoto yake. Galu wake anandisunthira mpando monyinyirika, ndipo anandipenyetsetsa mpaka kukafika. Nditatchula dzina la Madalitso, mkuluyo anagwedeza mutu.

"Uja amaimitsa nkhunzi ndi likhweru chabe? Ng'ombe za kumeneko zikumusowa."

Ndinangoti eya, n'kuyang'ana kumbali.

Ananditsitsa pa geti, ndipo kotsalako ndinayenda wapansi m'matope, nsapato zanga za kuofesi zikulira. Mwini famu anandilozera karavani ya kuseri kwa khola, kanyumba ka matayala kamene Madalitso ankagonamo. "Ingolowa," anatero, n'kubwerera ku ntchito zake.

Koma kwa Madalitso sangolowa. Ali mnyamata ku Lunzu, anthu anathyola chitseko chake, amalume ake ali patsogolo, n'kumukokera panja pamodzi ndi mnyamata amene anali naye. Zimene anamuchita sanandiuzepo zonse. Kuyambira pamenepo ankagona atakiya, n'kutsamizanso mpando kuchitseko. Ngakhale m'nyumba mwanga momwe, ndinkati odi ndisanalowe kuchipinda kumene iye ali, n'kudikira ayankhe.

"Odi," ndinatero.

M'katimo ndinamva kutsokomola.

"Odi kuno, Mada. Ndine Limbani."

Sanayankhe. Ndinavundikira ndowa n'kukhalapo, mvula ikundilowa m'khosi. Ndinadzilimbitsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale mumtima ndinali ndi mantha kuti nditsanzikana ndi chitseko n'kubwerera ku Leicester osamuona. Ndinayamba kumusimbira za ulendo, za amayi a ku Zambia, za chitumbuwa chozizira, za galu wansanje uja. Pa galupo ndinamva kakuseka kofooka.

"Ndawonda, Limbani," anatero pomaliza. Mawu ake anali ochepa ngati a munthu wina. "Tsitsi linatha lonse."

"Sindinabwerere tsitsi ine."

"Fungo la muno sulipirira."

"Ndinapirira la ndowe, ili lingandikanike?"

Ng'ombe ina inalira m'khola.

"Ukalowa usadzandisiye panjira. Zimenezo ndiye sindingazithe."

"Sindichoka."

"Lowa."

Ndinaimirira n'kudikira kumva mpando ukukokedwa, kiyi ukutembenuzidwa. Palibe chinamveka.

"Ukudikira chiyani? N'chosakiya. Ndinaleka kukiya tsiku lomwe ndinakuthamangitsa lija."

Ndinagwira chogwirira, chitseko n'kungotseguka. Anali gone pabedi, atayang'ana kukhomo, maso okha ndiwo anali aja ndinkawadziwa. Miyezi yonse ija ine ndinkalemekeza mawu ake ndili ku Leicester, pamene iye ankagona chitseko chosakiya, kumvetsera ngati kukubwera munthu. Ndinaphunzira mochedwa kuti wodwala akati usabwere, umapitabe n'kukaima pakhomo, akanire pomwepo ngati akufuna.

Ndinavula nsapato zamatope zija n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anandigwira dzanja. Manja ake anali atafewa.