Dzanja Kunsi kwa Tenti

Chibwerere korona, madamu amene ndimawagwirira ntchito kuno ku Doha amafuna ndizitsuka chilichonse ndi klorini, ngakhale makiyi. Fungo lakelo limandibweza kwathu, m'tenti ya odwala kolera, ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, diripi ili pamkono.

Achibale ankaletsedwa kulowa. Mayi anga anazungulira kuseri, nakhala pansi m'matope, n'kulowetsa dzanja kunsi kwa tenti mpaka linapeza phazi langa. Anayamba kupemphera mokweza.

Mlonda anabwera akuthamanga. "Mayi, chokani apa! Mutenga matenda."

"Ndiwatenge kumene! Mwanayu anandipatsa ndi Mulungu, osati inu, bambo. Mukafuna ndichoke, mundinyamule."

Mvula inkamenya tenti. Dzanja lija linali lozizira, lokhakhala, ndipo silinasunthe.